Kuchokera ku Livingstone Kukafika ku Ganga: Matauni Oyera a Haridwar ndi Rishikesh

Malo oyera a chipembedzo cha Chihindu ndi ambirimbiri, ndipo ochuluka ali m'mphepete mwa mitsinje. Kawirikawiri amapezeka awiriawiri kapena atatuatatu moyandikana, kotero kuti munthu amene wanyamuka kukapembedza kumodzi amafikanso kwinako asanabwerere kwawo. Pa mtsinje wa Yamuna pali Mathura ndi Vrindavan. Kufupi ndi kumene umayambira mtsinje wa Godavari kuli Trimbakeshwar ndi Nashik. Pa Ganga, mtsinje umene mabuku a kusukulu amaulemba kuti Ganges, pali Haridwar ndi Rishikesh, matauni otalikirana makilomita pafupifupi 25 m'chigawo cha Uttarakhand, kumpoto kwa India. Awiriwa amamwa mtsinje umodzi koma ntchito zawo n'zosiyana. Ku Haridwar anthu amapita kukasamba ndi kukatsiriza mwambo wa maliro. Ku Rishikesh amapita kukaphunzira, kukasinkhasinkha ndi kukayamba ulendo wokwera mapiri a Himalaya. Mayina awiriwa ndi odziwika kwa Ahindu a kuno kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a m'tauni ya Livingstone ku Zambia.

Ahindu a ku Livingstone

Tauni ya Livingstone inakula chifukwa cha njanji. Mlatho wa pa mathithi a Victoria Falls utatha mu 1905, anthu amene ankakhala ku Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, anasamukira kumtunda kumene kuli tauniyi lero, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1935 likulu la Northern Rhodesia linali komweko. Amwenye analowa m'dzikoli kudzera njira ziwiri. Ena, makamaka Asilamu, anadzera ku Nyasaland n'kukhazikika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ena, makamaka Ahindu, anadzera kummwera, natsata njanji yochokera ku Bulawayo mpaka ku Livingstone, ndipo pambuyo pake anafalikira ku Lusaka ndi ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Pafupifupi onsewa kwawo kunali ku Gujarat, kumadzulo kwa India.

Ambiri anatsegula masitolo a nsalu, mabulangete ndi ziwiya za panyumba, ena ankachita utelala, ndipo pambuyo pake mabanja ena anakhazikitsa mafakitale osoka zovala. Mu 1968 Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kusintha kwa kayendetsedwe ka chuma, ndipo malonda ambiri a m'masitolo anasiyiridwa nzika za Zambia. Amwenye ambiri amene anali ndi ziphaso za Britain anasamuka. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale a zovala anagwa msika utadzaza ndi katundu wakunja ndi kaunjika. Mabanja amene anatsala amasungabe mapemphero a panyumba ndi zikondwerero monga Diwali ndi Navratri. Komabe pa chikhulupiriro cha Chihindu mphamvu ya malo oyera ili pa malo penipenipo. Kachisi angamangidwe kulikonse, koma mtsinje wa Ganga susamutsika. Wofuna madzi ake amaupitira.

Ulendo wake kale ndi lero

Kale ulendo wa ku India unkatenga masabata. Munthu ankakwera sitima yapamtunda ku Livingstone, kuwoloka mlatho, kudutsa ku Bulawayo, Salisbury ndi Umtali mpaka ku doko la Beira. Kumeneko ankadikira sitima yapamadzi ya kampani ya British India Steam Navigation, imene inkaima m'madoko monga Dar es Salaam ndi Mombasa isanawoloke nyanja kupita ku Bombay. Poti mtunda unali wautali ndipo mtengo unali wokwera, wamalonda ankapita kwawo kamodzi pa zaka zingapo. Ulendo umodzi womwewo unkasenza zonse: kuona makolo, kumanga maukwati ndi kuyendera malo oyera. Anthu a ku Gujarat ali nawo malo otere kufupi ndi kwawo, monga Dwarka, Somnath ndi Chandod pa mtsinje wa Narmada. Ku Haridwar n'kutali, koma njanji inafikako mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo ulendowo unapepuka.

Lero ndege imanyamuka pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, ndipo munthu amasintha ndege m'mizinda monga Lusaka, Nairobi, Addis Ababa, Dubai kapena Doha kuti akafike ku Delhi. Kuchokera ku Delhi kupita ku Haridwar ndi makilomita opitirira 200, ulendo wa maola anayi kapena asanu pa sitima yothamanga. Palinso bwalo la ndege la Jolly Grant pafupi ndi Dehradun, limene lili kufupi ndi Rishikesh. Nzika ya Zambia kapena Malawi imafunika viza, pamene ambiri amene makolo awo anachokera ku India amayendera khadi lotchedwa OCI, lowalola kulowa ndi kukhala m'dzikolo popanda kupempha viza ulendo uliwonse. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Zambia ndi maola atatu ndi theka.

Mtsinje umene umalumikiza matauniwa

Madzi a Ganga amachokera ku madzi oundana a m'mapiri a Himalaya. Mtsinje wa Bhagirathi, umene umatuluka pa Gaumukh, umakumana ndi wa Alaknanda pa Devprayag, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake ndi Ganga. Umayenda makilomita opitirira 2,500 mpaka kukathira m'nyanja ya Bay of Bengal. Pa Rishikesh umakhala ukadali pakati pa mapiri, wozizira ndi waliwiro. Pa Haridwar umatuluka m'mapiri a Shivalik n'kulowa m'chigwa chachikulu cha kumpoto kwa India. Pakati pa matauni awiriwa pali nkhalango yotetezedwa ya Rajaji, momwe muli njovu ndi anyalugwe.

Ahindu amauona mtsinjewu ngati mulungu wamkazi, ndipo amautchula mwaulemu monga mayi. Nkhani yakale imati mfumu Bhagiratha inapemphera zaka zambiri kuti mtsinje wa kumwamba utsike kudzatsuka phulusa la makolo ake amene anafa osalandira mwambo woyenera. Madziwo akanaphwanya dziko akanagwa okha, choncho mulungu Shiva anawalandira m'tsitsi lake n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Nkhaniyi ndiyo tsinde la miyambo iwiri ikuluikulu ya pa mtsinjewu: kusamba kuti machimo achoke, ndi kuthira phulusa la akufa kuti mzimu umasuke.

Munthu wa ku Livingstone savutika kumvetsa mmene mtsinje umodzi ungadyetsere matauni awiri oyandikana, chifukwa tauni yake ndi ya Victoria Falls ku Zimbabwe zimagawana alendo a mathithi amodzi, ndipo mlendo amagona kuno n'kukacheza tsidya lija. Ngakhale kupatulika kwa madzi si kwachilendo kumeneko. Aleya a kwa Mukuni ankapereka nsembe kwa mizimu ya makolo pa mathithiwo David Livingstone asanafike mu Novembala 1855, ndipo iye mwini analemba za malo amene mafumu ankapembedzerapo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Zambezi alendo ochuluka lero amabwera kudzaona, pamene ku Ganga ochuluka amabwerabe kudzapembedza.

Haridwar

Haridwar ndi umodzi mwa mizinda isanu ndi iwiri imene Ahindu amati imapereka chimasuko, pamodzi ndi Ayodhya, Mathura, Varanasi, Kanchipuram, Ujjain ndi Dwarka. Ndi mzinda wakale. Mmonke wa ku China, Xuanzang, amene anayendera India m'zaka za m'ma 600, analemba za malowa, ndipo asilikali a mtsogoleri wankhondo Timur anafikako mu 1399. Kalembera wa 2011 anapeza kuti mumzindawu mumakhala anthu opitirira 200,000, koma pa masiku a zikondwerero alendo amaposa eni mudzi kambirimbiri.

Mtima wa mzindawu ndi Har ki Pauri, dooko lomangidwa ndi masitepe otsikira m'madzi. Mbali yake yopatulika kwambiri ndi Brahmakund. Madzi amene amadutsa pamenepa amapatutsidwa kuchokera mu mtsinje waukulu ndipo amakalowa m'ngalande ya Upper Ganga, imene inakumbidwa motsogozedwa ndi Proby Cautley n'kutsegulidwa mu 1854 pofuna kuthirira minda ya m'chigwa. Boma la Britain litafuna kutchinga mtsinje ndi damu pa Bhimgoda, atsogoleri a Chihindu, mmodzi wa iwo Madan Mohan Malaviya, anakana, ndipo mu 1916 panakhala pangano lakuti madzi azidutsabe osatsekedwa. Bungwe la Ganga Sabha, limene linayamba nthawi yomweyo, ndilo limayang'anira dookoli mpaka lero. Madzi ake ndi amphamvu, choncho m'mbali mwa masitepe anamangirira unyolo ndi zitsulo kuti osamba azigwira. Chaka chilichonse, masabata angapo Diwali isanafike, ngalandeyo imatsekedwa kuti ikonzedwe, ndipo madzi pa dookoli amachepa kwambiri.

Dzuwa likamalowa pamachitika mwambo wa nyale wotchedwa aarti. Anthu zikwizikwi amakhala pansi mbali zonse za madzi. Ansembe amaimirira m'mphepete atanyamula nyale zikuluzikulu zamkuwa, nazizunguliza moyang'ana mtsinje, mabelu akulira ndipo khamu likuimba. Opembedza amagula timbale ta masamba momwe muli maluwa ndi kanyale, n'kutiika pamadzi. Wofuna malo abwino amafika ola lathunthu mwambo usanayambe. M'misika yozungulira, monga Bara Bazar ndi Moti Bazar, amagulitsa lubani, mikanda yopempherera ndi zigubu zotungira madzi a Ganga, amene anthu amapita nawo kwawo kukagwiritsa ntchito pa mapemphero, pa ukwati ndi pamene munthu ali kutsirizika.

Akachisi ena otchuka ali pamapiri oyang'anizana. Mansa Devi ali kumadzulo kwa mtsinje, Chandi Devi ali kummawa, ndipo kuwiri konseko munthu angakwere wapansi kapena pa tingolo toyenda pa chingwe. Kachisi wa Maya Devi ali mkati mwa mzinda, ndipo wa Daksheswara Mahadev ali ku Kankhal, makilomita ochepa kummwera.

Phulusa la akufa ndi mabuku a makolo

Ahindu amawotcha mitembo. Moto ukazima achibale amatola phulusa ndi tizidutswa ta mafupa n'kuzisunga mu mtsuko. Okhala kutali ndi India kawirikawiri amathira phulusalo mu mtsinje kapena nyanja yapafupi, koma mabanja ambiri amasunga lonse kapena gawo lake mpaka wina atapeza mpata wopita nalo ku Ganga. Mwambo umatsogoleredwa ndi mwana wamwamuna wamkulu kapena mbale wapafupi. Ambiri amameta mutu, amapereka timibulu ta mpunga kapena ufa kwa mizimu ya makolo, n'kuthira phulusa m'madzi wansembe akutchula mapemphero. Madooko ena, monga Kushavarta ndi a ku Kankhal, amadziwika makamaka ndi miyambo imeneyi.

Ansembe amene amagwira ntchitoyi amatchedwa panda, ndipo udindo wawo ndi wa chibadwa. Banja lililonse la ansembewa lili ndi madera ake a India amene limatumikira. Mlendo akafika amafunsidwa mudzi wa makolo ake, mtundu wake ndi dzina la agogo ake, ndipo mayankhowo amamulondolera kwa wansembe woyenera. Wansembeyo amatulutsa buku lalitali lolembedwa pamanja, momwe muli mayina a abale amene anabwerako kale, tsiku limene anafika ndi chimene anadzera. Ena mwa mabukuwa akhala akulembedwa kwa zaka mazana angapo. Mlendo amawonjezera amene abadwa, akwatira ndi kumwalira kuchokera pa ulendo wapitawo, n'kusayina. Kwa munthu wobadwira ku Zambia, amene mwina agogo ake anachoka ku Gujarat zaka zana zapitazo, buku lotere lingakhale malo okhawo osungira mzere wonse wa banja lake. Chopereka cha wansembe chilibe mtengo woikika, ndipo odziwa amagwirizana naye mwambo usanayambe.

Masiku a khamu

Chikondwerero chachikulu koposa ndi Kumbh Mela, chimene chimachitika m'malo anayi mosinthana: Haridwar, Prayagraj, Ujjain ndi Nashik. Nthano imati madontho a chakumwa chopatsa moyo wosatha anagwera m'malo amenewa pamene milungu ndi ziwanda zinkalimbirana mtsuko wake. Nthawi yake imawerengedwa potsata malo a dzuwa ndi pulaneti ya Jupiter. Poti Jupiter amazungulira dzuwa m'zaka zochepera pang'ono 12, mwambowu umabwera pakatha zaka 12, koma nthawi zina pakatha 11. Ku Haridwar unachitika mu 1998, 2010 ndi 2021. Pakati pake pamakhala wocheperapo wotchedwa Ardh Kumbh. Pa masiku akuluakulu magulu a amonke otchedwa akhara amayamba ndiwo kusamba, motsatana monga mwa dongosolo lakale, anthu wamba n'kubwera pambuyo. Bungwe la UNESCO linaika mwambowu pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2017.

Khamu lotere limabwera ndi mavuto ake. Mu 1867 kolera inabuka pa mwambowu ndipo obwerera kwawo anaifalitsa m'madera ambiri. Mu 2021 mwambo unachitika matenda a Covid-19 ali pachimake, ndipo magulu ena a amonke anachoka nthawi isanathe. Mohandas Gandhi anafika pa Kumbh ya 1915, atangobwerera kuchokera ku South Africa. Anyamata a ku mudzi wake wa Phoenix, pafupi ndi Durban, anathandiza ntchito yosamalira zimbudzi za msasa. Iye anakhumudwa ndi uve umene anaona, ndipo ali komweko analumbira kuti sadzadya zakudya zoposa mitundu isanu pa tsiku kapena kudya kutada.

Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Chihindu wa Shravan, umene umagwa mu Julayi ndi Ogasiti, pamachitikanso Kanwar Yatra. Anthu mamiliyoni, ambiri a iwo anyamata ovala zofiirira, amadzatunga madzi n'kuwasenza pa mtengo wopingasa paphewa, kuyenda nawo wapansi mpaka ku akachisi a Shiva a kwawo. Misewu ina imatsekedwa, sukulu za m'deralo zimapumira, ndipo malo ogona amasowa.

Rishikesh

Kuchoka ku Haridwar kupita ku Rishikesh ndi ulendo wosakwana ola limodzi msewu ukakhala wopanda khamu. Pamayenda mabasi, matakisi, sitima ndi tigalimoto ta magudumu atatu tonyamula anthu angapo pamodzi. Rishikesh ndi tauni yocheperapo ndipo inatambasuka m'mbali zonse za mtsinje. Kummwera kuli tauni yakale, msika ndi dooko la Triveni Ghat. Kumtunda kwake kuli Muni ki Reti ndi Tapovan. Tsidya la kummawa kuli Swarg Ashram, dera la akachisi ndi nyumba za amonke kumene anthu ambiri amayenda wapansi.

Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi milatho yolenjekeka pa zingwe zachitsulo. Wotchuka ndi Lakshman Jhula, wautali mamita pafupifupi 137, umene unamangidwa mu 1929 m'malo mwa wakale umene unakokoloka ndi madzi osefukira mu 1924. Unatsekedwa mu 2019 akatswiri atapeza kuti watha mphamvu. Ram Jhula unamangidwa mu 1986, ndipo Janki Setu unatsegulidwa mu 2020.

Kuyambira kale malowa ankakoka anthu osiya za dziko, amene ankakhala m'mapanga ndi m'tizisakasa. Malo awo ophunzirira ndi kukhalamo amatchedwa ashram. Swami Sivananda, amene poyamba anali dokotala ku Malaya, anafika mu 1924 ndipo mu 1936 anayambitsa Divine Life Society. Nthambi ya bungweli inakhazikitsidwa ku Durban mu 1949 ndipo yamanga sukulu zambiri ku KwaZulu-Natal. Parmarth Niketan, imene inayamba mu 1942, ili ndi zipinda pafupifupi 1,000 ndipo imachita mwambo wake wa nyale madzulo alionse. Dziko lonse linamva za Rishikesh mu Febuluwale 1968, pamene oimba a gulu la The Beatles anabwera kudzaphunzira kusinkhasinkha kwa Maharishi Mahesh Yogi. Ashram ya Maharishi inasiyidwa n'kumera tchire, koma mu 2015 a zankhalango anaitsegula kuti alendo aziiona.

Kuchokera nthawi imeneyo tauniyi yakhala ndi alendo a mitundu iwiri. Pali opembedza a ku India amene amayendera akachisi monga Neelkanth Mahadev, pamwamba pa phiri makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Palinso akunja ndi achinyamata a m'mizinda amene amadzera sukulu za yoga, chikondwerero cha yoga cha mu Malichi, ndi masewera opalasa mabwato a mphira m'madzi othamanga kuchokera ku Shivpuri. Masewerawa amaimitsidwa nyengo ya mvula mtsinje ukadzaza.

Malo ogona

Mlendo amasankha pogona malinga ndi chimene wadzera. Malo akale kwambiri ndi dharamshala, nyumba zimene amalonda olemera, mabungwe achifundo kapena anthu a dera limodzi anamangira apaulendo wachipembedzo. Anthu a ku Gujarat, Punjab, Rajasthan, Bengal ndi madera ena ali ndi zawozawo, ndipo mlendo amapezamo chinenero ndi chakudya cha kwawo. Chipinda chimakhala cha bedi, fani ndi bafa, pena bafalo n'logawana. Malipiro ndi ochepa, kwina munthu amangopereka chimene angathe. Bungwe la Baba Kali Kamli Wala, limene linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, linamanga nyumba zotere ku Rishikesh ndi m'njira yonse ya kumapiri, ndipo limadyetsa amonke ndi osauka kwaulere. Ena amasungidwa ndi wansembe wa banja lawo, amene mwa mwambo amayenera kupezera alendo ake pogona.

Kugona mu ashram n'kosiyana ndi kugona mu hotela, chifukwa mlendo amalowa m'moyo wa eni nyumba. Belu limalira kusanache, pamakhala mapemphero, maphunziro ndi yoga pa nthawi zoikika, chakudya chimadyedwa pamodzi, ndipo chipata chimatsekedwa usiku. Ma ashram ena amafuna kuti munthu alembe kalata yopempha malo asanabwere. Mahotela ndi nyumba za alendo zilipo za mitengo yonse, kuyambira zotsika za pafupi ndi siteshoni ya Haridwar mpaka zapamwamba za m'mapiri a kumtunda kwa Rishikesh. Boma la chigawochi lilinso ndi nyumba zake zoyendetsedwa ndi bungwe la Garhwal Mandal Vikas Nigam. Lamulo la India limafuna kuti aliyense wosunga mlendo wakunja alembe za chiphaso chake pa fomu n'kudziwitsa boma, ndipo dharamshala zina zing'onozing'ono sizilandira akunja pothawa ntchito imeneyi.

Amene wabwera ndi phulusa, kapena ali ndi okalamba amene sangayende mtunda, amachita bwino kugona ku Haridwar pafupi ndi Har ki Pauri, ngakhale kuli phokoso ndi kuthithikana. Wofuna bata kapena maphunziro a masabata angapo amagona ku Rishikesh. Poti matauniwa ndi oyandikana, ambiri amagona kumodzi n'kukayenda kwinako tsiku limodzi, kapena amayamba ndi masiku awiri a miyambo ku Haridwar n'kukapumula kumtunda.

Chakudya ndi makhalidwe

M'kati mwa matauni awiriwa saloleza kugulitsa nyama, nsomba ndi mowa. Amalonda ena a ku Rishikesh anakasuma pa nkhani ya kuletsedwa kwa mazira, koma mu 2004 khothi lalikulu la India linagamula kuti chiletsocho n'choyenera. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga, chapati, ndiwo zamasamba, chambiko ndi msuzi wa mphodza kapena nandolo wotchedwa dal. India amagula nandolo wambiri ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania, choncho ndiwo zimenezi si zachilendo kwa munthu wa kuno. M'ma ashram ambiri saphikira anyezi ndi adyo. Madzi akumwa abwino ndi a m'botolo kapena owiritsa.

Nsapato zimavulidwa polowa m'kachisi ndi potsikira pa madooko oyera, ndipo pamakhala malo osungitsira. Zovala zimafunika zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo akazi amasamba atavala. Kujambula anthu akusamba kapena akuchita mwambo wa maliro ndi mwano. Chopereka kapena chakudya chodalitsidwa chimalandiridwa ndi dzanja lamanja. Wansembe amaitanidwa kuti Panditji, mmonke kuti Swamiji kapena Maharaj, ndipo moni amaperekedwa manja ataphatikizidwa pachifuwa. Oyang'anira Har ki Pauri amaona malowo kuti ndi a Ahindu, choncho wa chipembedzo china amafunsa kaye asanatsikire ku Brahmakund. Ng'ombe zimayenda momasuka m'misewu ndipo sizimenyedwa. Anyani a pa milatho ndi pa njira za kumapiri amatsomphola chakudya ndi magalasi a m'maso.

Nyengo

Nyengo za kumeneko zimasemphana ndi za ku Zambia. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha kwambiri, makamaka ku Haridwar, ndipo anthu amachuluka chifukwa cha tchuthi cha sukulu. Mvula yamphamvu imagwa kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka Sepitembala, pamene ku Livingstone kuli kouma. Nthawi imeneyi mtsinje umadzaza ndi matope ndipo misewu ya m'mapiri imagumuka. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yozizira, madzi amaluma ndipo nkhungu imachedwetsa sitima. Miyezi yabwino kwa mlendo wamba ndi Okutobala ndi Novembala, komanso Febuluwale ndi Malichi.

Umoyo wa mtsinje ndi njira ya kumapiri

Madzi a pa Rishikesh ndi Haridwar ndi oyera poyerekeza ndi a kumunsi ku Kanpur ndi Varanasi, koma kuchuluka kwa alendo, mahotela ndi mafakitale kwabweretsa zonyansa ndi mapulasitiki. Mu 2014 boma la India linayambitsa ntchito ya Namami Gange, imene yamanga malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi asanalowe mu mtsinje. Mu Malichi 2017 khothi la Uttarakhand linagamula kuti Ganga ndi Yamuna zikhale ndi ufulu ngati munthu pamaso pa lamulo, koma khothi lalikulu la dzikolo linaimitsa chigamulocho mu Julayi chaka chomwecho. Kumtunda, damu la Tehri pa Bhagirathi, lalitali mamita 260, linasintha kayendedwe ka madzi ofika m'matauniwa.

Kwa opembedza ambiri matauni awiriwa ndi poyambira chabe. Kuchokera pamenepa misewu imakwera kupita ku malo anayi a m'mapiri otchedwa Char Dham: Yamunotri, Gangotri, Kedarnath ndi Badrinath. Akachisi akumeneko amatsegulidwa kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi ndipo amatsekedwa cha m'nyengo ya Diwali, chipale chofewa chisanatseke njira. Kedarnath ali pamtunda wa mamita opitirira 3,500, ndipo makilomita pafupifupi 16 omaliza munthu amayenda wapansi, pa bulu, ponyamulidwa kapena pa helikopita. Mu Juni 2013 madzi osefukira anakokolola midzi ya m'chigwa cha Kedarnath ndi madera oyandikana, ndipo anthu opitirira 5,000 anafa kapena kusowa. Lero boma limalamula kuti aliyense wopita ku Char Dham alembetse dzina asananyamuke, ndipo ku Haridwar ndi ku Rishikesh kuli maofesi ochitira zimenezi. Misewu yakulitsidwa, ndipo njanji ya makilomita 125 yochokera ku Rishikesh kupita ku Karnaprayag, imene mbali yake yaikulu imadutsa m'mapanga obooledwa m'mapiri, inayamba kumangidwa kuti idzafupikitse ulendo umene kale anthu ankayenda wapansi kwa miyezi.